Goloboyi wotsamira ndodo uja watisiya

Uthenga unandipeza Loweruka m'mawa pa 6 Seputembala 2025 nditangoweruka ku naiti, ndili pa siteji kudikira basi, maso akuyabwa ndi tulo. Ndinatulutsa foni kuti ndingoona nthawi basi, koma kulikonse komwe ndatsegula ndi chithunzi chimodzi chomwecho, munthu wamtali wavala jezi yofiira, chigoba kumaso, waima pa golo watsamira ndodo yake chibwano chili pamwamba pa manja, ngati mayi wosinja amene watsamira munsi kudikira kuti mnzake amalize kupeta. A Ken Dryden, goloboyi wotchuka wa hockey ya pa ayisi kuno ku Canada, anali atatisiya dzulo lake Lachisanu ali ndi zaka 78, matenda ake khansa, ndipo ambirife sitinkadziwa n'komwe kuti akudwala. Basi inabwera n'kupita ine ndili chiimire.

Kwa inu amene muli kumudzi mwina dzina limeneli ndi koyamba kulimva, ndipo m'pomveka, masewera ake omwe ndi a kumaiko ozizira, ife kwathu ayisi timadziwa wa mu kulabokosi ndi wa mafilizesi. Koma mukudziwa mmene zimakhalira pa maliro, mwambo usanathe pamaimirira munthu mmodzi kunena mbiri ya malemu, anabadwira kuti, anagwira ntchito zanji, asiya ndani, ndipo aliyense amakhala chete olo amene sanawadziwe malemuwo. Ine si wachibale, sindinawagwirepo chanza, gemu yawo yomaliza anasewera mu 1979 ine ndisanabadwe. Mbiri yawo ndiinenabe, chifukwa bambo amenewa analowa m'nyumba mwanga kudzera zitseko zingapo iwo osadziwa.

Gemu yake ndifotokoze pang'ono kaye. Musaganize za hockey ya pa bwalo ija imaseweredwa ku Blantyre, iyi ndi ya pa ayisi, anthu amavala nsapato za chitsulo ngati mpeni kunsi n'kumatsetsereka pa liwiro loti ukangophethira munthu wakudutsa kale. Mbali iliyonse amakhala anthu 6 kuphatikiza goloboyi, zigawo zitatu za maminitsi 20. M'malo mwa mpira pali puck, kachimbale kakuda ka labala wolimba kolemera magalamu pafupifupi 170, ndipo amayamba akaika mu firiji kuti kaume gwa kasamadumphedumphe, nde munthu wamphamvu akakamenya ndi ndodo kamathamanga kuposa makilomita 150 pa ola. Golo lake ndi laling'ono, mamita 1.83 mulifupi ndi 1.22 kupita m'mwamba. Ndiye pamenepo paime munthu amene ntchito yake ndi kudziika dala panjira ya mwala umenewo.

Ine ndinafika ku Ottawa mu 2011 ndipo ntchito yoyamba yokhazikika imene ndinapeza, yomwe ndikugwirabe mpaka pano, ndi ya kunyumba yosamalirako okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pa bedi kuti asachite zilonda. M'chipinda china munali agogo ena aamuna ochokera tsidya la mtsinje, mbali ya Quebec, munthu woti sankafuna kugwiridwa ndi mlendo, masabata awiri oyamba ndikalowa ankangotembenukira kukhoma. Pakhoma pomwepo panali chithunzi ndanena chija, chodula mu nyuzi, chitasanduka chachikasu ndi kukalamba. Usiku wina cha m'ma 3 koloko tulo titawakana ndinawafunsa kuti agogo, nanga ameneyu watopa ndi chani gemu isanathe. Anandiyang'ana kumaso koyamba. Anati sanatope ameneyo, akuganiza. Ndiye ndinawauza kuti nanenso ku Chilomoni ndinali wa pa golo, mpira wachikulunga, golo la miyala iwiri, fumbi koboo, anzanga ankandiika kumbuyo poti ndinali wamtali ndipo ndinazikonda moti mpaka ku sekondale goloboyi wa timu ya sukulu ndinali ine. Agogo aja anangoti kokera mpando uwo ukhale.

Nkhani imene ankaikonda kuposa zonse ndi ya 1971, anandiuza kambirimbiri ndipo nthawi zonse ankayambira pa sukulu. A Dryden anabadwira ku Hamilton mu 1947 n'kukulira ku Toronto, ndipo ali ndi zaka 16 zokha timu ya Boston Bruins inawasankha kenako n'kuwasinthanitsa kuti apite ku Montreal Canadiens, koma iwo anati ndiyambe ndaphunzira kaye, n'kupita ku yunivesite ya Cornell ku America. Kumeneko m'zaka zitatu anapambana magemu 76, kuluza anayi okha, ndipo mu 1967 anatenga chikho cha mayunivesite onse. Atamaliza anayamba maphunziro a zamalamulo, nde pofika Malichi 1971 anali mwana wa sukulu wa ku McGill ku Montreal amene akuseweranso mu timu yachiwiri ya Canadiens. Anawaitana ku timu yaikulu sizoni ikupita kumapeto, anasewera magemu 6 n'kupambana onse. Kenako kochi Al MacNeil anachita chinthu chimene mzinda wonse unagwira pakamwa, pa ndime yolimbirana chikho cha Stanley Cup, chikho chachikulu cha ligi yaikulu ya hockey ya NHL, anakhazika pa benchi goloboyi wozolowera Rogie Vachon n'kuika mnyamata wa zaka 23 wa magemu 6.

Ndipo amene ankakumana nawo poyamba ndi Boston yomweyo imene inawataya ija, eni chikho a chaka chathacho, timu imene sizoni imeneyo inamwetsa zigoli 399, muli Bobby Orr, muli Phil Esposito amene yekha anagoletsa 76. Kuno sachita zoti gemu imodzi wina watuluka, matimu awiri amasewera mpaka wina apambane kanayi, zikavuta amafika magemu 7. Yoyamba Montreal inaluza. Yachiwiri inali kumbuyo 5-1 n'kutembenuza zinthu kukathera 7-5, ndipo agogo aja akafika apa mawu ankakwera moti ndinkachita kukatseka chitseko kuti tisadzutse ena. Zinafika gemu ya nambala 7 ku Boston komweko, Montreal inapambana 4-2. Esposito atatopa ndi kumenya puck ili yonse n'kumathera m'dzanja la munthu wa mamita 1.93 anawatcha kadyamsonga wakuba, dzina limene anthu amalikumbukirabe mpaka lero. Anadutsa Minnesota, ku fainolo n'kupeza Chicago, nayonso mpaka gemu ya 7 kwawo kwa eni ake, Montreal ili kumbuyo 2-0, Jacques Lemaire anamenya ali kutali pakati pa bwalo ikalowa, Henri Richard anawonjezera ziwiri, ndiye chakumapeto Jim Pappin wa Chicago anapezeka ali pakamwa pa golo, anthu ayamba kale kuimirira kuti chalowa, mwendo wautali uja unangotulukira n'kutchinga. Agogo ankatukula mwendo wawo m'bulangete kundionetsa, mwendo womwewo umene masana ankati sukuyenda. Zinathera 3-2.

Chaka chimenecho anawapatsa Conn Smythe, mphoto ya wosewera amene wachita bwino koposa pa ndime ya chikho. Chaka chotsatira mpamene anawapatsa Calder, mphoto ya wosewera watsopano, poti magemu 6 aja anali ochepa kwambiri kuti awerengedwe ngati sizoni yoyamba. Palibenso wina amene anazilandira motsatana choncho. Kuchoka apo manambala ake ndi oti umawerenga kawiri, masizoni 8 zikho za Stanley Cup 6, cha 1971, cha 1973 kenako zinayi zondondozana kuyambira 1976 mpaka 1979, mphoto ya Vezina ya magoloboyi kasanu, magemu a ligi 397 n'kuluza 57 okha, magemu 46 osagoletsedwa olo chimodzi.

Usiku wina ndinawaputa dala agogo aja, koma linali funso lochokera pansi pa mtima ndithu chifukwa aliyense amene anaimapo pa golo amalidziwa. Ndinati agogo, timu yoti kutsogolo kuli Guy Lafleur, kumbuyo kuli Larry Robinson, Serge Savard ndi Guy Lapointe, kochi ndi Scotty Bowman, timu yoti sizoni ya 1976-77 pa magemu 80 inaluza 8 okha, kodi goloboyi wina aliyense sakanaoneka dolo pamenepo? Ndinkaganiza kuti akalipa. Iwo anakhala chete pang'ono kenako n'kundifunsa kuti iwe kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko usiku umachita chani muno. Ndinati nthawi zambiri palibe, kuzungulira m'zipinda, kulemba malipoti, kumvetsera. Anati nanga belu likalira kuti wina wagwa kubafa amakupatsa maminitsi angati oti udzuke bwinobwino. Ndinati palibe olo imodzi. Anati basi ndi zimenezo, n'kutseka maso.

Mawu amenewo ndayenda nawo zaka zonsezi. Goloboyi wa timu yofooka amakhala wotentha gemu yonse, akumuwombera uku ndi uku, thupi limagwira lokha, ndipo akagoletsedwa palibe amene amamuloza chala poti aliyense waona kuti anzake amugulitsa. Tonse timakumbukira mmene goloboyi amatamandidwira tsiku loti timu yapanikizidwa iye n'kuipulumutsa. Koma wa timu yamphamvu amaima yekha maminitsi 8, 10, gemu yonse ikuchitikira kutsidya, thukuta likuzizira m'zovala, mapazi akuuma pa ayisi, anthu zikwi akuimba iye kulibe amene akumuyang'ana, kenako mwadzidzidzi wina walakwitsa pasi ndipo mdani akubwera yekha pa liwiro lonse, ndiye pamenepo ukangogoletsedwa nyuzi za mawa zilemba za iwe wekha. Kutsamira ndodo kuja inali njira yawo yokhalira mu gemu pamene gemu yawachokera, thupi lipume koma maso ndi mutu zili pa ntchito, akuwerenga amene watopa, amene wachedwa kubwerera, kumene ngozi ichokere. Ine pa naiti ndikaima pa kona ya kolido pomwe ndimaona zitseko zonse ziwiri za kumapeto, makutu ali tcheru kumva ngati wina akutsokomola mosiyana ndi dzulo, ndimadziwa chimene bambo aja ankachita pa golo paja.

Umboni wina unabwera wokha mu 1973. Atatenga chikho chachiwiri anasemphana ndi mabwana a timu pa nkhani ya malipiro, anaona kuti akuwapatsa zochepa poyerekeza ndi anzawo a m'matimu ena, ndiye sanachite phokoso, anangoika zovala pansi sizoni yonse ya 1973-74 n'kukagwira ntchito ya uloya wophunzira pa ofesi ina ku Toronto pa kandalama kochepa zedi. Tangoganizani munthu wa zaka 26 ali pachimake penipeni. Sizoni imeneyo Montreal, osewera ambiri ali omwewo, inagoletsedwa zigoli 240 pomwe chaka chathacho zinali 184, ndipo inatuluka pa ndime yoyamba m'manja mwa New York Rangers. Chikho chinapita ku Philadelphia komwe pa golo panali Bernie Parent, amenenso watisiya mwezi womwewo wa Seputembala 2025, pa 21, patangopita sabata Ed Giacomin wa Rangers atamwaliranso. Mwezi umodzi magoloboyi atatu a m'badwo umodzi. A Dryden anabwerera mu 1974 mabwana atawonjezera ndalama, ndipo mu 1976 anakalanda chikho kwa Philadelphia yomweyo magemu anayi osaluza.

Sindikufuna kunena ngati sankalakwitsa, agogo aja nawonso sankabisa. Mu Seputembala 1972 Canada inasewera magemu 8 ndi Soviet Union, anayi ku Canada anayi ku Moscow, nthawi imeneyo maiko a azungu atagawikana pawiri, ndipo anthu kuno ankati tiwakwapula onse 8. Gemu yoyamba ku Montreal, pa bwalo lawo lomwe la Forum, pa golo pali a Dryden, Canada inathambitsidwa 7-3. Yachinayi ku Vancouver ali iwo omwe analuzanso 5-3 masapota awo omwe akuwakuwiza. Anthu a ku Soviet ankasewera mosiyana, samawombera msanga, amapatsirana mpaka goloboyi watuluka n'kumudutsa chammbali, ndipo munthu wamtali wozolowera kutuluka kukatseka ngodya zinamusokoneza. Anakhala pansi n'kusintha kaimidwe, kubwerera mkati mwa golo. Ku Moscow anapambana gemu ya 6, ndiye pa 28 Seputembala gemu yomaliza yoti wopambana watenga zonse, pomatha zigawo ziwiri anali atagoletsedwa zisanu, Canada ili kumbuyo 5-3. Aliyense kuno amakumbukira chigoli cha Paul Henderson kutatsala masekondi 34, ana asukulu anaonera m'makalasi, koma ine chimene chimandigwira ndi maminitsi 20 omaliza aja kumbali inayo, munthu woti wamwa zisanu dziko lonse likumuona, miyendo ikuyenera kuti ikunjenjemera, n'kutseka golo osalolanso olo chimodzi mpaka 6-5. Amene anaimapo pa golo atagoletsedwa zambiri akudziwa mmene golo limakulira kumbuyo kwako, umachita kumva ngati lafutukuka.

Inaliponso gemu ya usiku wa pa 31 Disembala 1975 pomwe Montreal inalepherana 3-3 ndi timu ya asilikali ya ku Moscow, Montreal itawombera ka 38 kwa goloboyi wawo Vladislav Tretiak pomwe alendo anawombera ka 13 kokha n'kumwetsa zitatu. Usiku umenewo dolo anali Tretiak ndipo a Dryden anazimva. Koma mu Januwale 2007 pamene Montreal inkakweza jezi ya nambala 29 kudenga kuti wina asadzaivalenso, Tretiak yemweyo anabwera kuchokera ku Russia kudzaima pambali pawo.

Mu 1979 atatenga chikho chachinayi chondondozana, ali ndi zaka 31, anati basi ndasiya. Sanavulale, sanachotsedwe. Montreal inadikira mpaka 1986 kuti idzagwirenso chikho. Agogo aja apa ankapukusa mutu, ankati akanatha kusewera zaka zina zisanu, ndipo kwa nthawi yaitali nanenso ndinkaona ngati ndi kuwononga mphatso. Pano ndimaziona mwina. Munthu uja anali atayang'ana gemu mokwanira kuchokera pa golo ndipo ankafuna kukayang'ana zina. Mu 1980 anali pa maikolofoni ku Lake Placid limodzi ndi Al Michaels kuulutsa gemu imene anyamata a ku America anagonjetsa Soviet Union pa Olimpiki. Mu 1983 anatulutsa buku lotchedwa The Game, analemba okha popanda wowalembera, ndipo mpaka lero ambiri kuno amati palibe buku la hockey loliposa. Ine ndinaliwerenga pa naiti pang'onopang'ono ndi dikishonale pa foni. Nthawi ina anakakhala chaka chathunthu m'makalasi a sekondale ina kufupi ndi Toronto, bambo wamkulu wotchuka dziko lonse atakhala kumbuyo kwa kalasi kungoona ana amene aphunzitsi sawaona, aja a pakatikati osakhoza kwambiri osavutanso, n'kulemba za iwo. Anakhalapo pulezidenti wa timu ya Toronto Maple Leafs kuyambira 1997, adani enieni a Montreal, agogo ankati imeneyo tisaikambe.

Kenako ndale. Mu 2004 anasankhidwa kukhala phungu wa York Centre ku Toronto kudzera chipani cha Liberal ndipo nduna yaikulu ya nthawi imeneyo Paul Martin anawapatsa unduna woona za chitukuko cha anthu. Ntchito imene anaigwira ndi mtima wonse inali yoti dziko lonse likhale ndi dongosolo la malo osamalirako ana aang'ono makolo akapita kuntchito, anayenda chigawo ndi chigawo mpaka zonse 10 zinasaina, ndalama zake madola 5 biliyoni pa zaka zisanu. Boma linagwa pa zisankho za 2006 ndipo amene analowa anathetsa mapanganowo. Anapikisana nawo pa utsogoleri wa chipani chaka chomwecho osapambana, mu 2011 mpando wa uphungu unapitanso. Mukaona choncho mungati ku ndale zinawakanika. Koma mu 2021 boma linabweretsanso ganizo lomwelo, lija akuti madola 10 patsiku, ndipo kuno ku Ontario pofika kumapeto kwa 2022 fizi ya mwana wathu wamng'ono inatsika ndi theka, mayi akunyumba n'kutha kubwerera kuntchito masiku onse. Amene muli kunja kuno opanda agogo kapena azakhali oti n'kuwasiyira mwana mukudziwa kuti nkhani imeneyi ndi yaikulu bwanji. Njerwa zoyamba anaumba ndi bambo aja, ngakhale nyumba anadzamanga ndi ena.

Chitseko china chimene analowera kwathu ndi mwana wanga woyamba, mtsikana, pano ali ndi zaka 12. Ali ndi zaka 7 timu yawo inkasinthana pa golo sabata ndi sabata, itafika nthawi yake anabwera kunyumba n'kunena kuti adadi ine sindichokaponso pamene paja. Zovala za goloboyi ndi zodula koopsa, tinachita kusaka za kaunjika kwa makolo ena amene ana awo akula. Chaka chatha pa gemu ina mwana wina anatsetsereka n'kumugwera, mutu unamenya chitsulo cha golo, chipewa anavala ndithu koma ubongo umagwedezeka mkati olo kunja kusaoneke bala. Masabata awiri anakhala m'chipinda cha mdima, kusukulu ayi, foni ayi, kuwala pang'ono mutu kuwawa, ndipo usiku wina anandifunsa dzina la mnzake wa m'kalasi amene amakhala naye desiki imodzi. Ndinatuluka panja kukaima pa sinowo kuti asandione nkhope.

Nthawi imeneyo ndi pomwe ndinawerenga zimene a Dryden analemba mu 2017 m'buku la Game Change, nkhani ya Steve Montador, wosewera wa mu NHL amene anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 35 ndipo atapima ubongo wake anapeza matenda aja amabwera chifukwa chomenyedwa m'mutu kawirikawiri. Bambo a zaka 70, dzina lawo lili kale mu Hall of Fame, malo olemekezerako akatswiri a hockey, kuyambira 1983, akanatha kumangoyenda m'maphwando kusaina majezi, koma anasankha kukangana ndi akuluakulu a ligi, kumuuza mkulu wa NHL Gary Bettman poyera kuti lamulo likhale limodzi losavuta, kumenya mnzako m'mutu ndi mlandu basi, kaya mwadala kaya mwangozi, popanda zoti anawerama yekha. Ambiri ankati mukufuna kuononga gemu, hockey ndi ya amuna olimba. Zomwezo ankanena mu 1959 pamene Jacques Plante, goloboyi wina wa Montreal, anayamba kuvala chigoba atang'ambidwa nkhope, ankamuti wamantha, lero palibe kholo limene lingalole mwana kuima pa golo nkhope ili pamtunda. Lamulo limene a Dryden ankafuna silinakhazikitsidwe mmene ankafunira mpaka atisiya, ndipo zimenezi zimandiwawa, chifukwa ana amatengera zimene akuona akuluakulu akuchita pa TV Loweruka usiku.

Pa mbiri ya malemu sitisiya abale. Mkulu wawo Dave nayenso anali goloboyi, ndipo pa 20 Malichi 1971, patangopita masiku ochepa Ken atayamba mu timu yaikulu, anapezeka wina golo ili wina golo ilo, Dave ku Buffalo Sabres, Ken atalowa m'malo mwa Vachon amene anavulala gemu ili mkati. Montreal inapambana 5-2 ndipo itatha awiriwo anakumana pakati pa bwalo n'kugwirana chanza, bambo awo ali m'gulu la oonera. Dave anatsogola mu 2022. Bambo awo a Murray ndi mayi awo a Margaret ndi amene mu 1970 anayambitsa bungwe la Sleeping Children Around the World limene limagawa mphasa, zofunda, neti ya udzudzu ndi zipangizo za sukulu kwa ana a m'maiko osauka, kuti mwana agone bwino adzuke ndi mphamvu. Ndikaona zimenezo ndimamvetsa kumene mtima woganizira ana uja unachokera. Olo nduna yaikulu ya dziko lino Mark Carney polira maliro ananena kuti anakhala goloboyi ali mnyamata chifukwa cha a Dryden.

Agogo anga aja anatisiya mu 2019 ndili pa shifiti, ndinawagwira dzanja. Ana awo atabwera kudzalongedza katundu mwana wawo wamkazi anachotsa chithunzi chija pakhoma n'kundipatsa, anati bambo ankati munthu mmodzi yekha muno ndi amene amadziwa za pa golo. Ndinachiika mu fulemu, chili m'chipinda mwa mwana wanga pamwamba pa desiki.

Loweruka lija nditafika kunyumba ndinamupeza wadzuka kale akumanga chikwama, poti Seputembala ndi nthawi imene matimu amasankha osewera ndipo tsiku limenelo kunali mayeso 10 koloko. Ndinamuuza. Anayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali kenako anati adadi simugona kaye? Ndinati ndigona tikabwerako. Ku bwalo kunali kozizira ngati nthawi zonse, makolo atagwira makapu a khofi, ndipo bambo wina wachikulire amene amabwera ndi mdzukulu wake anali atavala jezi yofiira yakale ya nambala 29, tinangogwedezerana mutu osalankhula. Pa chigawo chachiwiri gemu inakhalitsa kutsidya, ine maso anali pa mwana wanga yekha kumbuyo kuja, ndinaona akuimika ndodo yake kuyesa kuikapo chibwano koma ndodoyo ndi ya kaunjika, ndi yaitali, imamufika pamphuno, ndiye anangoikumbatira ndi manja onse awiri mutu uli chammbali kuti aone bwino. Posakhalitsa mwana wina anathyola yekha kubwera, iye anatsitsa ndodo, anagwada, puck inamenya padi ya kumanzere n'kupita pakona.

Pobwerera m'basi anagona paphewa langa, chikwama cha zovala zonyowa chili pakati pa miyendo yanga. Mzimu wa a Ken Dryden uuse mumtendere.